Foni zomangidwa zochokera ku Joni zikufunika ndondomeko yomveka m'boma la Nkhata Bay

NKHATA BAY: Pa katundu yense amene amatsika m'mabasi ochokera ku Johannesburg n'kukafika m'midzi ya ku Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya, foni ya m'manja ndi imodzi mwa mphatso zomwe makolo ndi amayi otsala pakhomo amaziyembekezera kwambiri. Komatu si foni iliyonse yomwe imayamba kugwira ntchito ikangofika. Ina ikaikidwa simu khadi ya TNM kapena ya Airtel imakana, n'kulemba uthenga wa m'Chingerezi wopempha nambala yachinsinsi yoimasulira. Foniyo imakhala yatsopano, batire lake lili bwinobwino, koma mwini wake sangaimbe kapena kulandira uthenga uliwonse.

Zikatere, mwini foni amaitengera kwa mmisiri wokonza mafoni pamsika wapafupi, kapena amakwera minibasi kupita ku Mzuzu, komwe amalipira ndalama kuti aimasule. Amisiriwa ntchitoyi amaitchula kuti kuanloka, ndipo akafika posintha mapulogalamu onse a m'kati mwa foni amati kuflasha. Nthawi zina zimatheka, nthawi zina foni imaferatu m'manja mwa mmisiriyo. Chodetsa nkhawa n'chakuti patebulo lomwelo pamafikanso foni zobedwa ndi foni zangongole, ndipo anthu ambiri amaziona ngati vuto limodzi. Adindo a boma akuyenera kusiyanitsa zinthuzi momveka bwino, kuti mwini foni weniweni athandizidwe mosavuta pamene wakuba akutsekeredwa njira.

Mbiri ya maulendo a ku Joni

Nkhani ya foni zomangidwa yakula m'boma lino kaamba ka mbiri yake. Anthu a m'mbali mwa nyanja kuno, makamaka Atonga, adayamba kale kupita kukagwira ntchito kunja kwa dziko lino, patangopita zaka zochepa chikhazikitsireni mishoni ya Bandawe mu 1881. Clements Kadalie, yemwe adakhazikitsa bungwe lotchuka la anthu apantchito la ICU mumzinda wa Cape Town mu 1919, adali wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe pomwepo. Kenaka kudabwera nyengo ya Wenela, yomwe idaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi ochokera kumigodi. Ntchito yolemba anthu idayambiranso mu 1977 pansi pa Theba mpaka mu 1988.

Ngakhale mapangano a kumigodi adatha, njira ya ku Joni sidatsekeke. Achinyamata akupitabe paokha kukagwira ntchito m'nyumba, m'minda ya maluwa, m'masitolo ndi m'malo omanga nyumba. Kale machona ankatumiza mabulangete, njinga ndi wailesi. Lero akutumiza ndalama ndi mafoni, popeza foniyo ndi yomwe imawalumikiza ndi kumudzi. Kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023 kudakweza mitengo ya katundu yense wochokera kunja, kuphatikizapo mafoni, choncho banja lomwe lalandira foni kuchokera kwa mwana wawo silingaitaye chabe chifukwa yakana simu khadi. Mabanja oterewa ndi ambiri m'boma lino, lomwe pakalembera wa 2018 lidapezeka ndi anthu oposa 280,000.

Momwe loko amagwirira ntchito

Simu khadi iliyonse imakhala ndi manambala osonyeza dziko ndi kampani yomwe idaitulutsa. Nambala ya dziko la Malawi ndi 650, ndipo TNM imadziwika ndi 01 pamene Airtel imadziwika ndi 10. Nambala ya dziko la South Africa ndi 655, komwe Vodacom ndi 01 ndipo MTN ndi 10. Foni yomangidwa imakhala italamulidwa kuchokera kufakitale kuti izilandira simu khadi ya manambala amodzi okha. Ikaona 650 m'malo mwa 655, imakana. Palibe chomwe chaonongeka m'foniyo, koma kuti ikungotsatira lamulo lomwe idapatsidwa.

Makampani amachita izi pa zifukwa zamalonda. Amagulitsa foni pamtengo wotsika pofuna kukopa makasitomala, n'chiyembekezo chakuti ndalama yotsalayo ibwerera kudzera m'mayunitsi ndi mabandulo omwe kasitomalayo azigula. Ichi n'chifukwa chake mafoni ena otchipa omwe amagulitsidwa m'masitolo a ku South Africa amakhala omangidwa ku kampani imodzi, ndipo ndi mafoni otchipa omwewo amene Mmalawi wolandira malipiro ochepa amakwanitsa kugulira makolo ake. Mchitidwe womwewu umapezekanso pa timakina tolumikizira intaneti ta dongle ndi MiFi, tomwe kawirikawiri timagulitsidwa titamangidwa ku kampani yomwe yatigulitsa.

Foni iliyonse ilinso ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yotchedwa IMEI, yomwe munthu angaione polemba *#06# pafoni yake. Nambala yomasulira foni imayenderana ndi IMEI imeneyi, ndipo kampani yomwe idamanga foniyo ndi yomwe ili ndi udindo woipereka. Ikalembedwa molondola, loko amachoka ndipo palibe china chomwe chimasintha. Vuto n'lakuti mafoni ambiri amapereka mwayi woyesera kangapo kokha. Mmisiri wongopenekera akalakwitsa mobwerezabwereza, foni imadzitsekeratu, ndipo apa ndi pomwe ena amathamangira kuflasha, ntchito yomwe imafufuta zonse za m'foni ndipo ikalakwika foniyo siyakanso.

Pali chinanso chomwe ambiri sachidziwa. Kumasula foni sikutanthauza kuti igwira bwino ntchito kulikonse. Foni imayenera kukhala yotha kumva mafunde omwe makampani a kuno amagwiritsa ntchito. Mafoni a ku South Africa nthawi zambiri savuta pa nkhaniyi, koma ena ochokera ku America amatha kumasulidwa bwinobwino n'kumalepherabe kugwira intaneti yothamanga.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu kunyanja

Kwa munthu wokhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kusankha pakati pa TNM ndi Airtel ndi nkhani ya mitengo chabe. Kwa munthu wa m'magombe a Nkhata Bay, malo omwe akukhala ndi amene amamusankhira. Kumpoto kwa boma lino mapiri amatsetserekera m'nyanja momwemo. Dera la Usisya, kwa Mfumu M'bwana, lili pansi pa mapiri otere, ndipo anthu amafikako pa boti, pa sitima ya Ilala yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951, kapena kudzera msewu wotsetsereka wochokera ku Mzuzu womwe umavuta nthawi ya mvula. Mafunde a foni sapyola phiri, choncho nsanja ya kampani imodzi imatha kufikira gombe lina n'kulephera kufikira gombe loyandikana nalo.

Kummwera, m'mbali mwa msewu wa M5 kudutsa ku Chintheche mpaka ku Kande, malo ndi athyathyathya ndipo netiweki imapezeka mosavuta, koma munthu akangolowera kumtunda chakumapiri, kapena msodzi akalowa pakati pa nyanja usiku kukawedza usipa, zinthu zimasintha. Ichi n'chifukwa chake mafoni olowa simu khadi ziwiri, monga a Tecno ndi itel, adatchuka kwambiri m'midzi. Anthu adaphunzira okha kuti kudalira kampani imodzi n'kudziika pachiswe. Foni yomangidwa imamulanda munthu mwayi umenewu.

Pamwamba pa apo, foni lero yasanduka chikwama cha ndalama. Airtel Money idayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba idatsatira mu 2013. Mayi wogulitsa nsomba zouma ku Chintheche, mlimi wa chinangwa ku Mpamba ndi wogwira ntchito m'malo ogona alendo ku Kande, onsewa amalandira ndi kutumiza ndalama kudzera pafoni, popeza mabanki ali kutali. Mauthenga ochenjeza za mphepo ya mwera, omwe nthambi yoona zanyengo imatulutsa m'miyezi yozizira, amafalanso kwambiri kudzera pafoni. Alangizi a zaumoyo m'midzi adayamba kalekale kutumiza malipoti a mankhwala pafoni kudzera mu ndondomeko ya cStock yomwe idayamba mu 2011. Foni ikakana simu khadi yomwe imagwira m'deralo, zonsezi zimaima.

Maloko anayi omwe anthu amawasokoneza

Chisokonezo chachikulu chili pa mawu oti loko, omwe akuimira zinthu zinayi zosiyana. Woyamba ndi loko wa netiweki yemwe tafotokoza kale. Uyu ndi nkhani ya malonda pakati pa wogula ndi kampani, ndipo munthu yemwe adagula foni yake moyenera n'kumaliza kulipira sakubera aliyense akafuna kuimasula.

Wachiwiri ndi loko wa akaunti ya mwini foni. Kampani ya Apple idayambitsa loko wotere mu 2013, ndipo Google idachita chimodzimodzi pa mafoni a Android mu 2015. Foni ikafufutidwa zonse, imafunsa dzina ndi mawu achinsinsi a munthu yemwe ankaigwiritsa ntchito poyamba. Cholinga chake n'chakuti foni yobedwa ikhale yopanda ntchito. Zimachitika ndithu kuti wachibale watumiza foni yomwe ankagwiritsa ntchito n'kuiwala kuchotsamo akaunti yake, ndipo zikatero yankho lake n'kumuimbira kuti apereke mawu achinsinsiwo. Koma ngati wobweretsa foni sakudziwa n'komwe mwini akauntiyo, mmisiri ali ndi chifukwa chokwanira chokayikira.

Wachitatu ndi loko wa ngongole. M'zaka zaposachedwapa kwafala malonda ogulitsa mafoni molipira pang'onopang'ono, ndipo foni yotere imadzitseka yokha wogulayo akalephera kulipira pa tsiku lake. Kuthyola loko ameneyu n'kuthawa ngongole, ndipo mchitidwewu ukakula, ogulitsa amakweza chiongoladzanja kapena kusiya kubwereketsa anthu a m'deralo, zomwe zimapweteka olipira mokhulupirika.

Wachinayi ndi kutsekedwa kwa nambala ya IMEI. Ku South Africa, foni ikabedwa mwini wake amakanena ndipo makampani amaika IMEI yake pamndandanda wa mafoni oletsedwa. Foni yotere siigwiranso ntchito m'dzikomo, koma ikaoloka malire n'kufika kudziko lomwe siligawana nawo mndandandawo, imatha kuyambanso kugwira. Pali amisiri ena omwe amasinthiratu IMEI kuti foni isadziwike. Uku si kumasula foni ayi, koma kufufuta chizindikiro cha katundu, monga momwe wakuba galimoto amafufutira nambala ya injini.

Zomwe maiko ena achita

Maiko angapo adaona kuti njira yabwino yothetsera chisokonezochi n'kufewetsa loko woyamba uja pamene akukhwimitsa wachinayi. Ku America, Pulezidenti Barack Obama adasainira lamulo lololeza anthu kumasula mafoni awo mu August 2014. Ku Canada, kuyambira pa 1 December 2017 makampani adaletsedwa kulipiritsa munthu pomumasulira foni, ndipo foni zatsopano zimayenera kugulitsidwa zosamangidwa. Ku Britain, bungwe la Ofcom lidaletseratu kugulitsa foni zomangidwa kuyambira mu December 2021, litapeza kuti loko amalepheretsa anthu kusamukira ku kampani ina. Koma dziko lomweli lili ndi lamulo la mu 2002 lomwe limati kusintha IMEI popanda chilolezo cha wopanga foni ndi mlandu.

Maiko ena a mu Africa muno adalimbana kwambiri ndi mbali ya IMEI. Dziko la Kenya lidazimitsa mafoni achinyengo mu 2012, ndipo Tanzania idachita chimodzimodzi mu June 2016. Pa mbali ya ufulu wosankha kampani, South Africa idalola anthu kusamukira ku kampani ina osasintha nambala yawo mu 2006, Kenya mu 2011 ndipo Tanzania mu 2017. Kuno kwathu nambala yoyamba ndi 088 imasonyeza TNM ndipo yoyamba ndi 099 imasonyeza Airtel, kotero munthu wofuna makampani onse awiri amayenera kukhala ndi simu khadi ziwiri komanso foni yozilandira zonse.

Pomwe dziko lino lili

Msika wa lamya za m'manja m'dziko muno wakhala m'manja mwa makampani awiri kwa zaka zoposa 25. TNM idayamba mu 1995, ndipo Celtel idabwera mu 1999, n'kusintha dzina kukhala Zain mu 2008 kenaka Airtel mu 2010. Makampani ena monga G-Mobile ndi Celcom adapatsidwapo ziphaso koma sadafike poyamba kutumikira anthu. Pamsika wa makampani awiri okha, chilichonse cholepheretsa kasitomala kusamuka chimachepetsa mpikisano womwe ndi wochepa kale.

Zida za malamulo zilipo. Bungwe la MACRA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998, lidapatsidwa mphamvu zoonjezera ndi lamulo latsopano la 2016, kuphatikizapo kuteteza ogwiritsa ntchito mafoni, kuvomereza mitundu ya zipangizo zolowa m'dziko ndi kuyendetsa thumba la Universal Service Fund lofikitsira mauthenga kumadera ovuta kufikako. Lamulo lomweli ndi lomwe lidabweretsa kalembera wa simu khadi mu 2018. Bungwe la CFTC limayang'anira mpikisano pa malonda ndi madandaulo a ogula. Lamulo la 2016 loona zochitika pa makina a kompyuta ndi intaneti limaletsa kulowa m'zinsinsi za munthu popanda chilolezo, ndipo mu 2024 kudabwera lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu. Kulandira katundu wobedwa ndi mlandu wakalekale m'malamulo a dziko lino.

Malamulo oteteza zinsinsiwa akukhudza mwachindunji ntchito yomasula mafoni. Munthu akasiya foni kwa mmisiri, amasiyanso zithunzi zake, mauthenga ake ndi manambala a abale ake. Akasiyamo simu khadi n'kutchulanso nambala yachinsinsi ya ndalama, wapereka chikwama chake chonse. Okalamba omwe sadziwa kuwerenga Chingerezi ndi amene ali pachiopsezo chachikulu, popeza amavomera chilichonse chomwe afunsidwa.

Zoyenera kuchita

Choyamba, pakufunika uthenga umodzi womveka wochokera ku MACRA ndi CFTC, wolembedwa m'Chichewa, m'Chitonga ndi m'Chitumbuka, wofotokoza kusiyana kwa maloko anayiwa. Uthengawu uyenera kufika kwa apolisi, mafumu, makomiti a chitukuko a m'madera ndi wailesi za m'madera. Wapolisi yemwe wagwira mmisiri ali ndi mafoni khumi patebulo ayenera kudziwa funso loyenera kufunsa, lomwe ndi lakuti loko wochotsedwayo ndi wamtundu wanji ndipo foniyo ndi ya yani.

Chachiwiri, khonsolo ya boma la Nkhata Bay, yomwe imapereka ziphaso za malonda, ingathe kugwirizana ndi amisiri okonza mafoni kuti aliyense azikhala ndi kaundula wolembamo dzina la wobweretsa foni, nambala ya chiphaso chake cha unzika, IMEI ya foniyo ndi ntchito yomwe yagwiridwa. Chiphaso cha unzika chidafika kale m'manja mwa anthu ambiri kuyambira pa kalembera wa 2017. Kaundula wotere amateteza mmisiri wachilungamo tsiku lomwe apolisi abwera, ndipo amabweza wakuba asadakhale n'komwe pansi. Achinyamata ogwira ntchitoyi adadzilemba okha ntchito m'madera momwe ntchito n'zosowa, choncho kuwathamangitsa onse ngati akuba kungakhale kulakwitsa.

Chachitatu, chipangizo chilichonse chomangidwa chomwe chikugulitsidwa m'dziko muno chiyenera kulembedwa poonekera kuti n'chomangidwa, komanso nthawi ndi njira yochimasulira. Kampani ili ndi ufulu wobweza ndalama yomwe idachotsera pamtengo, koma nthawiyo ikakwana, wogula azipatsidwa nambala yomasulira popanda kuvutitsidwa.

Chachinayi chikukhudza boma lenilenilo ngati wogula. Maunduna ndi mabungwe othandiza akamagulira mafoni ndi matabuleti alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi, a zausodzi ndi aphunzitsi, zikalata zogulira zizinena momveka kuti zipangizozo zikhale zosamangidwa, ndipo ngati n'kotheka zolowa simu khadi ziwiri. Mgwirizano wooneka wotchipa ku likulu ungasanduke kutaya ndalama ngati chipangizocho chafika ku Usisya n'kupeza kuti kampani yomwe chidamangidwako sikumveka pamalo pomwe mlangiziyo akugwirira ntchito.

Chachisanu, vutoli n'losavuta kulipewa lisadafike kumudzi. Ofesi za kazembe wa Malawi ku Pretoria ndi ku Johannesburg, pamodzi ndi magulu a Amalawi okhala kumeneko, angathe kukumbutsa anthu kuti pogula foni yotumiza kumudzi azifunsa ngati imalandira simu khadi ya kampani iliyonse, aziyesa ndi simu khadi ya kampani ina asadaitumize, azichotsamo akaunti yawo, ndipo aziika lisiti m'bokosi momwemo. Lisitiyo ndi umboni womwe mayi wa ku Kande angaonetse kwa mmisiri kapena kwa wapolisi.

Pomaliza, mankhwala enieni a vutoli ndi netiweki yokwanira. Pamene makampani akugawana nsanja ndipo thumba la Universal Service Fund likufika m'magombe obisika ndi mapiri, kufunika kosinthasintha simu khadi kudzachepa. Koma kumanga nsanja kumatenga zaka ndi ndalama zambiri, pamene kulemba uthenga wofotokozera, kukhazikitsa kaundula wa amisiri ndi kukonza zikalata zogulira katundu wa boma ndi ntchito zomwe adindo angathe kuyamba m'chaka chino cha ndalama, pogwiritsa ntchito mphamvu zomwe malamulo adawapatsa kale.